Zazikulu Pamwamba pa Ndowa

Lolemba, 9 Junho

Chisanu. Madzi a m'ndowa ya panja aundana pamwamba, zala zikukana cholembera. Mbatatesi za m'chipinda chakumbuyo zayamba kumera, zina kununkha. Makamyau, malole aja a ku Tete amene ankabwera kudzapikula, chaka chino zii. Amene anafika mwezi watha anatchula mtengo ngati akutiseka.

Msonkhano wa bungwe lathu la alimi, pansi pa mapichesi kuseri kwa tchalitchi. Estêvão, mlangizi wa zaulimi, wafotokoza. Akuti mayiko a chigawo chathu chino akhala pansi, akukambirana zochotsa msonkho wa pamalire kuti katundu azingodutsa. Koma dziko lililonse lapatsidwa mpata wosankha katundu wochepa woti asatsegulidwe msanga, akhale wotetezedwa zaka zingapo. Mpatawo ndi wopanikiza. A shuga akuufuna, a nkhuku akuufuna, a simenti nawonso. Mbatatesi za ku Joni, zotsukidwa, za m'timatumba ta pepala, zili kale ku Tete chonsecho msonkho ulipo. Nanga ukachoka?

Kukubwera nthumwi za ku Maputo, za m'gulu lokambiranalo, kudzamva alimi. Bungwe lasankha ine kuti ndidzalankhule. A Limbani, apampando athu, akuti pakamwa pa Doroteia sipazizira ngakhale mu Junho. Anthu kuseka. Aseke.

Kunyumba amuna anga a Felisberto anamva zonse ali chikonzere mpini wa khasu, osadzutsa mutu. "Amake Carla, mukalankhule bwino. Mbatatesi zikapanda kutetezedwa, nazale ya fodya ndikafesera kwathu ku Chidzolomondo, ndipo tinyamuka tonse." Ndinavomera. Ndi pakamwa pangapa, popanda wondikakamiza, chifukwa ndimadzidalira. Munthu wakhala pa chikamwini chikwatirane, bambo ake amwalira chaka chatha, munda ndi chigafa cha fodya zangokhala. Sindingati walakwa.

Koma dimba la amayi anga.

Lachinayi, 12 Junho

Tsiku lonse kusankha zowola. Ukalowetsa dzanja m'mulu limatuluka ndi phala. Ndinatengera zina nkhumba za Laura, mng'ono wanga. Zanunkhiza n'kutembenuka. Mpaka nkhumba.

Masana kudimba. Kasupe akuyenda monga mwa nthawi zonse, sanaumepo ngakhale chaka cha chilala. Ngalande ija amayi anakumba okha titabwerera kuchokera ku Malawi, pano pali tchire lokhalokha ndi mantha a mabomba okwirira. Manda awo ali pachitundapo. Ukaweramuka polima umawaona.

Ndayeserera mawu anga, mizere ndiye anthu. Adubu, feteleza wathuyu, timagula wokwera mtengo. Msewu umathyola magalimoto. Ogula atithawa. Zokolola zikuwolera m'nyumba. Sitikukana malonda, koma mwana woti wangoyamba kuima musamuthamangitse ndi akuluakulu, tipatseni zaka tilimbe miyendo. Ndinakweza mawu mpaka akhwangwala anathawa. Zikutuluka bwino. Ndikadzanena chonchi palibe amene adzaiwale.

Carla waimba kuchokera kumsika ku Tete. Akuti anthu akudumpha zathu n'kugula za ku Joni. "Amama, akuti zathu n'zadothi." Nanga mbatatesi zimabala mumtengo?

Mafuta ophikira atha. Sopo katsala kachidutswa.

Lamulungu, 15 Junho

Titatuluka Misa, Estêvão wanditsata. Akuti wotsogolera nthumwi zija ndi mwana wa konkuno, Dotora Ivone. Ndinamufunsa kawiri.

Ivone. Tinkagona pamphasa imodzi ku Ntcheu nthawi yothawa nkhondo. Bulangete limodzi, iye ankalikoka. Pamzere wa ufa ndine ndinkamuimirira chifukwa anali wamantha, akamukankha ankangolira. Sukulu tinayamba limodzi pansi pa mtengo. Nkhondo itatha masisitere anamutenga kupita naye ku Beira, ine ndinabwera kuno ndi amayi ndi khasu. Chionanirane ndi pomwepo.

Ndiyenera kusangalala. Munthu wathu, womva chinenero chathu, wodziwa kuti Tsangano ndi kuti. A Felisberto akuti mwayi wanu ndi umenewo.

Ine ndafika kunyumba n'kuyamba kuyang'ana zidendene zanga. Ming'alu yoti n'kubisamo nyemba. Ndatsegula sutukesi, chitenje chabwino ndi chimodzi, cha tsiku la amayi chaka chatha. Mano awiri akumbali kulibe, ndikaseka zimaoneka.

Zopusa. Mayi wa zidzukulu kudera nkhawa zidendene. Komabe ndakhala pamwala n'kuzikwecha mpaka kutuluka magazi.

Lachisanu, 20 Junho

Alendo akubwera Lachiwiri. Mudzi wonse uli pa kalikiliki. Kusesa msewu kuyambira pamphambano, kupaka laimu miyala, kudula udzu kuzungulira nyumba yosungiramo zokolola ya bungwe. Nyumbayo denga limadontha, akwerapo anyamata n'kutseka ndi mapepala apulasitiki, kuchokera pansi sizikuoneka.

A Limbani alamula kuti aliyense abweretse mbatatesi zake zabwino, tiunjike mulu umodzi. Zowola ndi zomera zikatayidwe kuchigwembe kuseri kwa manda. Ndinadzutsa dzanja. Ndinati bwanji tisiyeko thumba limodzi lowola, alendo aone ndi maso awo. Anandiyang'ana ngati ndavula pagulu.

"Anthu achoke ku Maputo konse kuja, ife tiwalandire ndi fungo? Akanena kuti ku Tsangano kuli anthu otani? Mavuto mudzanena ndi pakamwa, mayi. Maso awo aone ulemu."

Amayi onse m'manja. Ine ndinakhala pansi. Ndinadziuza kuti n'zoona, pakamwa ndili napo.

Ndipo ndisaname m'buku langa lomwe: posankha ndine ndinaposa onse. Zanga za mtundu wa Rosita, zofiira, zosalala, zina dzanja limodzi osakwana. Ndinazipukuta ndi kansalu imodziimodzi. Pokonza mulu tinachita monga timachitira ndowa ya pamsika, timbatatesi tating'onoting'ono pansi ndi pakati, zazikulu pamwamba. Palibe amene anauza mnzake. Manja amadziwa okha. Matumba atsopano takabwereka kwa achibale kutsidya kwa msewu, ku Malawi.

Mulu wakongola. Ndinaimirira patali n'kumva kukoma mumtima, ngati kuti ndi zoona.

Nkhuku zophera alendo, nyumba iliyonse isonkhe. Yanga ya mawanga, imene imaikira.

Lachitatu, 25 Junho

Tsiku la ufulu. Anthu apita kubwalo la boma kukavina. Ine ndati mutu.

Dzulo. Ndilembe, mwina zichoka pachifuwa.

Anafika mochedwa, magalimoto oyera ali fumbi lokhalokha. Amayi nyimbo, nthungululu. Anatsika Ivone. Wanenepa pang'ono, magalasi, nsapato zoyera. Fungo la mafuta ake linandipeza iye asanafike. Ndinagwada n'kunena kuti takulandirani, Dotora. Anandidzutsa ndi manja awiri. "Iwe Doro, ukundigwadira ine? Amene ndinkakulanda bulangete?" Anthu kuseka. Ine kuseka nditatseka pakamwa ndi dzanja.

Anawatengera kumulu. Mnzake wina wa jekete anati eee, n'kutulutsa telefoni. Zithunzi. Ananyamula Rosita yanga imodzi n'kumaiyeza m'dzanja. Anati za ku Joni sizifika apa. A Limbani chifuwa patsogolo. Anandiimika pambali pa mulu, mbatatesi m'manja monsemu, akuti mwetulirani, mayi. Ndinamwetulira.

Chakudya. Malonje. Mawu a akuluakulu a boma, ataliatali. Mawu a a Limbani, kuyambira pa agogo awo ndi ng'ombe zimene anabwera nazo. Dzuwa kupendeka, nkhungu kuyamba kutsika m'phiri, madalaivala kuyang'ana msewu.

Kenako ine.

Ndinaimirira. Anthu onse a mudzi, ana a sukulu, alendo pamipando. Ivone kutsogolo, cholembera m'manja, akundimwetulira. Asanandilole kuyamba anafunsa yekha m'Chichewa, mokweza, kuti onse amve: "Doro, tandiuza. Ulimi ukuyenda bwanji kuno?"

Ndipo pakamwa panga panayankha monga pamayankhira munthu akakufunsa panjira. Zikuyenda, tikuyamika Mulungu.

Ndinamva ndekha mawuwo akutuluka. Ndinati ndikonza kutsogoloku. Ndinathokoza alendo, ndinathokoza boma, ndinathokoza bungwe. Ndimafuna polowera. Koma ndiyambe bwanji kunena kuti tikuvutika, mulu uli kumbuyo kwanga kutalika ngati nyumba, anthu angotsuka m'manja mafuta a nkhuku? Ndinene kuti sopo ndilibe pamaso pa Ivone wa nsapato zoyera? Amene ndinkamuimirira pamzere?

Anafunsanso. "Palibe chovuta?" Ndinati msewu wokha, ukakonzedwa tiyamika. Analemba. M'manja, nthungululu. A Limbani anagwedeza mutu kuti mwatha bwino.

Pokwera galimoto anandikumbatira. Anandinong'oneza kuti njira yonse amaopa kuti andipeza ndikuvutika, tsopano mtima wake wakhala pansi. Maso ake misozi. Ndinamupatsa thumba la Rosita zosankha. Anandilembera nambala yake padzanja.

A Felisberto anali kumbuyo kwa gulu, chipewa m'manja. Pakhomo ndi pamene anati, "Mawu anu aja munawasiya kudimba?"

Sindinadye.

Loweruka, 28 Junho

Ndakoka Estêvão kupita naye kuchigwembe. Ntchentche, fungo loti ng'ombe zikulambalala. Wajambula ndi telefoni yake, mulu wonse wowola, ine nditaima pambali osamwetulira. Tatumiza kwa Ivone. Ndalankhula m'telefonimo mawu anga onse aja, a kudimba, osasiya ndi limodzi lomwe. Potuluka anatuluka bwino, pamaso pa ntchentche.

Takwera pachitunda pamene pamagwira telefoni. Ndaimba, siikulowa. Estêvão akuti gulu la Ivone lauluka kale kupita kunja, kumene mayiko akumanirana. Akuti lipoti la ulendo wa kuno analemba m'galimoto momwemo. Mnyamatayu akudzimvera chisoni, akuti iye ndiye akanaletsa zotaya zija. Ndamuuza asiye. Woimirira ndinali ine.

Mulu wokongola uja taugawana, aliyense watenga zake. Zanga zabwerera m'chipinda chakumbuyo kukadikira ogula amene kulibe.

Lachiwiri, 8 Julho

Palibe yankho.

Pa radiyo akuti zokambirana zavuta, mayiko akukokanakokana pa shuga ndi zovala. Dziko lina lanyanyala n'kutuluka, labwereranso. Ndinakhala khutu pa radiyo mpaka mabatire kufooka. Mbatatesi osatchulidwa ngakhale kamodzi. Mwina ndi bwino. Mwina zili mkati mwa zotetezedwa, n'chifukwa chake palibe mkangano. Ndikudzinyenga kapena ayi, sindikudziwa.

Kumjigo amayi akundiyamikirabe. Akuti munatiimirira bwino, alendo anapita okondwa. Laura yekha ndiye wandiuza chilungamo: "Achemwali, munalankhula ngati mukukwatitsa mwana."

A Felisberto sakunena kanthu za Chidzolomondo. Koma nkhwangwa yanoledwa, ndipo dzulo ndinawapeza akuyeza chitseko cha nyumba ndi chingwe. Chitsekocho anagula okha, n'chawo.

Ndabzalabe mizere ingapo kudimba. Dothi likadali lozizira. Ndimangofuna manja agwire kanthu.

Loweruka, 19 Julho, ku Chidzolomondo

Tabwera kudzamanga chiliza cha apongozi aamuna. Shapa, minibasi ija, mpaka ku Ulongwe, ina mpaka ku Furancungo, kenako njinga yamoto, ine pakati ngati thumba. Msana wanga watsala panjira.

Kuno n'kofunda. Fumbi lofiira m'mano. Madzi akutali, ukapita m'mawa umabwera dzuwa litakwera. Dimba palibe. Minda ya fodya, mapesi a chimanga, zigafa. Apongozi aakazi andilandira bwino, zoona. Verónica, mlamu wanga, wandigwira dzanja n'kukandionetsa malo pafupi ndi mtengo wa mango. Akuti khitchini yanu idzakhala apa. Ndinati tiona. Anaseka.

A Felisberto kuno ndi munthu wina. Akuyenda m'munda wa bambo awo manja kumbuyo, akutchula malire, anthu akuwafunsa nzeru. Kwathu zaka zonsezi pa milandu ya banja amakhala kumapeto kwa mphasa. Ndinali ndisanaonepo msana wawo utawongoka chonchi. Zandipweteka pawiri.

Pophika Verónica wandiuza kuti nthumwi zomwe zija zinafikanso ku Furancungo, tsiku lotsatira. Iwo anapita ndi nyemba zofumbwa m'malichero, chimanga cha anankafumbwe, zovala zakumunda. Mayi wina anakhala pansi n'kulira. "Ife tinazolowera, mlamu. Chaka chilichonse timakangana ndi ogula fodya. Ukaoneka wokhuta amakudula mtengo. Inu kwanu munalira bwanji?"

Ndinati utsi wandilowa m'maso, n'kutuluka panja.

Lachinayi, 31 Julho

Ivone waimba. Estêvão anathamanga ndi telefoni mpaka kudimba, tinakwera pachitunda pafupi ndi manda a amayi.

Mawu ake otopa. Anayamba ndi kupepesa kuti zithunzi zathu anaziona mochedwa, telefoni ya kuno sinkagwira kunjako. Kenako anafotokoza, pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana za maliro.

Akuti m'chipinda chokambirana palibe chaulere. Ukafuna kusunga chako umapereka china. Mayiko ena anaumirira kuti dziko lathu lasunga zambiri, lichotseko. Iwo anakhala pansi okhaokha kusankha choti apereke. Chimanga ayi, nyemba ayi, anthu aja anawaona okha ku Furancungo. Mbatatesi zinalimo m'zotetezedwa. Zinalimo! Iye yemwe ndiye anazilowetsa asanabwere kuno. Koma mnzake wa jekete uja anatulutsa chithunzi cha mulu wathu n'kuchiyendetsa patebulo. Anati awa ndi olimba, alimi eni ake anena kuti vuto ndi msewu wokha. Zachotsedwa. Msonkho uyamba kutsika chaka chamawa mpaka kutheratu. Mapepala apita kale kwa mayiko onse, sabwezedwa.

Ndinakhala pansi pa udzu.

"Doro, bwanji sunandiuze? Ndinakufunsa kawiri."

Ndinati unandifunsa pamaso pa anthu. Ndipo mkwiyo unabwera, wonse, wa mwezi wathunthu. Ndinamuuza kuti iwe ndiwe wa konkuno. Amako ankagulitsa tomato pamsewu ku Ntcheu, iwe ukuwathandiza kuunjika. Sudziwa kuti ndowa ya pamsika amaipisa dzanja mpaka pansi? Sudziwa kuti munthu wa kwathu akati tikuyamika, umamutengera kuseri kwa nyumba n'kumufunsanso? Masukulu onsewo anakuchotsa zimenezi?

Ndinkayesa telefoni yaduka. Kenako anati, "Ndimadziwa. Nditaona mulu uja mtima unandiuza kuti ndipise dzanja. Koma ndinafuna kuti zikhale zoona, Doro. Ndinafuna kuti ukhale uli bwino."

Tinalira tonse, iye uko ine kuno, batire ya telefoni ya mwana wa eni ikutha.

Sindikudziwa amene ndamukwiyira. Iye, a Limbani, wa jekete. Ndikazungulira ndikubwerera pa ine ndemwe, chiimirire ndi chitenje cha tsiku la amayi.

Lachisanu, 1 Agosto

Ndawauza a Felisberto m'mawa, asanamve kwa ena. Ndinakonzeka kuti anena kuti ndinakuuzani. Sananene. Anangoti, "Tikhoza kudikira chaka china, amake Carla, ngati mtima wanu sukufuna."

Akanakalipa zikanandipepukira. Chaka china cha chiyani? Chaka chino msonkho ulipo ndipo mbatatesi zadyedwa ndi chigwembe. Ndipo ndinauona msana wawo ku Chidzolomondo. Ndinati pangano ndi pangano, kafeseni nazale.

Anatuluka n'kukaima kukhola nthawi yaitali, mulibemo kanthu.

Lolemba, 11 Agosto

Msonkhano wa bungwe. Estêvão wafotokoza. Wina wafunsa ngati ifenso tingatumize zathu ku Joni popanda msonkho. Inde, akuti, mukakhala ndi mapepala a chiyambi cha katundu, makina otsukira, galimoto yozizira. Anthu anaseka kuseka kosakoma.

A Limbani akuti alendo aja ndi osayamika, anadya nkhuku zathu. Mpaka lero sakuona. Ndinafuna kuimirira, ndinangokhala. Pakamwa paja pazizira.

Estêvão wabweranso ndi chipepala chachikulu chochokera kuchigawo, choti chikhomedwe kuofesi ya zaulimi. Anafuna kundibisira, Laura ndiye anachilanda. Ndine. Mulu kumbuyo, Rosita m'manja monsemu, kumwetulira mpaka malo a mano awiri aja kuonekera. Pamwamba alemba m'Chipwitikizi kuti alimi a ku Tsangano ndi okonzeka kupikisana. Chithunzi chokongola. Zidendene sizikuoneka.

Madzulo ndapita ndi Laura kudimba, malume ali mboni. Ndamusonyeza potsekera madzi, pamene ngalande imakonda kugumuka, mzere umene amayi ankati usabzalidwe kawiri motsatizana. Zonsezi amazidziwa. Anangondisiya ndinene. Akuti iye abzala kabichi ndi anyezi, mbatatesi za pakhomo zokha. Akuti dimba ndi lanu, achemwali, ine ndikungosunga. Tonse tikudziwa mmene kusunga kumathera.

Zimene ndinabzala mu Julho zamera bwino, masamba obiriwira ngati palibe chachitika. Adzakumba ndi Laura.

Lachisanu, 22 Agosto

A Felisberto anatsogola sabata yatha, nazale afesa. Abwera dzulo ndi galimoto ya msuweni wawo. Chitseko achotsa, pakhomo pangotsala chibowo. Mphasa, mipando, mapoto, sutukesi, zonse zili panja. Katundu wa zaka zonsezi sanadzaze ndi theka la galimoto.

M'mawa ndinapita kumanda. Ndazula udzu. Ndinati ndiwauze amayi kuti ndikupita bwino, musadandaule. Ndinadzigwira. Ndawauza zoona: sindikufuna kupita, ndikuopa, dimba lanu ndalitaya ndi ulemu. Kunalibe wondiona, ndiye zinatuluka.

Amayi a mudzi abwera kudzatsazika. Mupite bwino, mukafike bwino. Ine zikomo, zikomo, tikuyamika.

Chotsala chinali ndowa ya mbatatesi yokapatsa apongozi, munthu sungafike pakhomo pa eni manja lende. Ndinakhala m'chipinda chakumbuyo kusankha zimene zapulumuka. Zambiri n'zing'onozing'ono, zofota, zina zomera. Zabwino n'zowerengeka. Maganizo anali kwina. Nditayang'ana, ndowa yadzaza, Rosita zazikulu zili pamwamba, zopukutidwa, zoyalidwa bwinobwino.

Ndinaikhuthula pansi. Ndinayambanso, zazikulu pansi, zofota pamwamba, apongozi aone chimene mkamwana wawo wabwera nacho. Ndinainyamula mpaka pakhomo. Verónica adzakhalapo potsitsa. Anthu a mudzi wonse adzabwera kudzaona mkazi wa ku Tsangano, wa pachithunzi.

Galimoto yaliza kale kawiri. Ndowa ili apa pakati pa miyendo yanga, ndipo dzanja langa lili mkati, likufufuza pansi.